Malamba Atatu a Kamera ya Malume

Mukadzafika ku Chikanda n'kumva ana akufuula kuti "Ankhanga! Ankhanga!" musadzavutike kuyang'ana kuthengo. Amakhala akuitana ine. Dzina langa lenileni lilipo, labwinobwino, koma linatsala pamwamba pa phiri la Zomba Loweruka lina, pamaso pa anthu a ukwati. Ndaganiza zoti ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, chifukwa amene akuikamba nkhaniyi kumsika akuithira mchere wambiri.

Nditamaliza Fomu 4 kwathu kuseri kwa Songani, amayi ananditumiza kwa malume kuti ndikaphunzire ntchito. Malume ali ndi kasitudiyo kojambulira zithunzi ku Chikanda. Ndi kachipinda kamodzi, nsalu yoyera pakhoma, mpando umodzi, basi. Ana a ku koleji amabwera kudzajambulitsa tizithunzi ta ziphaso. Kwa miyezi inayi ntchito yanga inali kusesa, kudula zithunzi, ndi kuuza anthu kuti "dzutsani chibwano pang'ono." Kamera ndinkaigwira Lachisanu masana okha, malume ataima pafupi, manja ali chitambasulire ngati munthu wodikira mwana amene akugwa mumtengo.

Lachinayi lina malume anaterereka pangalande ya kuseri kwa nyumba, phazi n'kutupa ngati dzungu. Madzulo anandiitana, phazilo lili m'beseni.

"Mphwanga, Loweruka kuli ukwati wa mwana wa bambo Namalomba. Kutchalitchi ali ndi wowajambula wawo. Ife atipatsa zithunzi za kuphiri. Ine kuphiri sindingakwere. Upita iwe."

"Ine, malume?"

"Pali mphwanga wina m'nyumba muno?"

Ndinayang'ana pansi.

"Tamvera. Kamerayi ndi imodzi. Munda wathu ndi womwewu, nkhokwe yathu ndi yomweyi. Ukabwera nayo yathunthu, zithunzi zili zooneka, ndiyamba kukuphunzitsa ntchito yeniyeni. Koma ukaigwetsa, usadutsenso pano. Ukangotsika phiri, ukakwere minibasi ya ku Songani. Zovala zako ndidzakutumizira."

"Chabwino, malume."

"Malamulo ndi awiri. Lamba wa kamera asachoke pakhosi. Ndipo ukamajambula, manja onse awiri pa kamera. Kaya njuchi ikuluma, kaya mvula, kaya Yesu akubwera, manja awiri."

"Chabwino, malume."

(Muyenera kudziwa kuti ine ndinaleredwa kuti wamkulu akalankhula yankho ndi limodzi, "chabwino." Liwu lakuti "ayi" ndimalidziwa, ndinaliphunzira ku Sitandade 1, koma pakamwa panga silinazolowere.)

Anandibwerekanso suti yawo, ati munthu sungapite ku ukwati wa mwana wa mphunzitsi wamkulu utavala ngati ukukadula udzu. Malume ndi munthu wathupi. M'buluku lawo tikanalowamo awiri, wachitatu n'kuimirira m'thumba. Ndinatenga lamba wanga wakale, wosuwa kale, n'kuboola bowo lina ndi msomali kuti agwire bwino. Buluku linakwinyika m'chiuno ngati thumba la makala lomangidwa kukamwa, koma jekete inabisa.

Loweruka m'mawa ndinakoleka kamera pakhosi, n'kuyamba kumuyang'anitsitsa lamba wake. Pamalo pena ulusi unali utayamba kuyoyoka. Unali ulusi umodzi wokha, koma m'maso mwanga ndinaona minibasi ya ku Songani, kondakitala akundikodola. Ndinathamangira kwa Che Adamu, telala wa pakhonde loyandikana ndi situdiyo yathu, kuti angopititsa makina pamenepo.

Che Adamu anasoka malowo mwamsanga, kenako anakankhira chipewa chawo kumbuyo n'kundiyang'ana.

"Mwanache iwe, ukupita kuphiri ndi lamba wa pakhosi yekha?"

"Malume ndi amene anena choncho."

"Malume ako amajambula anthu okhala pampando. Kuphiri kuli miyala. Ukawerama kuti umange nsapato, kamera ilendewera, pho! pamwala. Chinthu chodula chimakhala m'dzanja. Bweretsa dzanja."

"Chabwino, Che Adamu."

Anatola chidutswa cha jinzi pansi pa makina, n'kuchipinda katatu. Mbali imodzi anailowetsa pa kamphete ka kamera, n'kuidutsitsa kuseri kwa dzanja langa lamanja, ina n'kuimangirira kunsi. Kenako anatenga singano yaikulu ndi ulusi wosokera nsapato, n'kuyamba kusoka dzanja langa lili momwemo.

"Yathina?"

"Thinitsani pang'ono."

Anasokanso. "Pano?"

"Pang'ononso, Che Adamu, kuti isapulumuke."

"Ehe, mwana wosamala. Pano ngakhale ukomoke, kamera ikomoka nawe limodzi."

Ndinatuluka ndili wokondwa. Chala changa chinali pa batani penipeni, dzanja lili gwa. Funso lakuti ndidzavula bwanji silinandifikire. Linadzandifikira mochedwa, litayenda wapansi.

Ndinakwera kabaza kupita kutchalitchi. Ndisanakhale n'komwe, mwini njinga anayang'ana kamera, n'kuyang'ana ine.

"Achimwene, ulendo wa kuphiri eti? Anyani a kumeneko mukuwadziwa?"

"Ndimangowamva."

"Aaa, ndiye simukuwadziwa. Amene aja amatchola katundu pakhosi pa munthu ngati akuthyola chimanga m'munda mwa agogo awo. Nsalu amang'amba, ulusi amaluma. Katundu amamangidwa ndi mphira, achimwene. Ine ntchito yanga ndi katundu."

Ndinafuna kunena kuti malamba awiri akwana. Ndinamva pakamwa panga pakuti, "Chabwino, achimwene."

Anamasula pa kaliyala mphira yakuda ija amadula ku chubu cha tayala. Nsonga imodzi anamanga pa kamphete ka kamera, ina pa lamba wa buluku, mfundo ziwiriziwiri, akumakoka ndi mano.

"Imeneyi yanyamulapo nkhumba yamoyo kuchokera ku Likangala mpaka kumsika, osagwa. Nanji kamera."

Motero ndinafika patchalitchi ndili ndi malamba atatu: wa malume pakhosi, wa Che Adamu padzanja, wa kabaza m'chiuno. Aliyense wa iwo ananena zoona. Vuto linali lakuti sanakambirane.

Akwati atatuluka tinakwera magalimoto. Ine anandiika m'minibasi ya azimayi oimba. Ulendo umenewo sindidzauiwala. Phiri limeneli ndakula ndikuliona tsiku lililonse ndikamapita kumunda, koma ndinali ndisanalikwerepo. Msewu ukukhotakhota, azimayi akuimba, nthungululu zikutuluka pawindo, tawuni yonse ikucheperachepera pansi mpaka nyumba zinangokhala ngati mabokosi a machesi. Mphepo yozizira yonunkhira mapaini inalowa m'galimoto. M'mbali mwa msewu anthu atanyamula timbale ta zipatso zofiira ankatibayibitsa. Ndinadzipeza nane ndikuimba, kamera ili pamiyendo ngati khanda. Nyani sindinamuone ndi mmodzi yemwe.

Titatsika pafupi ndi damu, anandigwira pamkono mayi Jana, nkhoswe ya mkwatibwi, mayi wa mawu omveka tsidya lina.

"Iwe ndiwe wojambula? Kamwana aka? Malume ako akutiseweretsa eti? Tiye ukapereke moni kwa eni mwana."

Bambo Namalomba anali ataima pansi pa mtengo, suti yakuda, chipewa, ndodo. Anakhala mphunzitsi wamkulu zaka zambiri, ndipo nkhope yawo inali isanamve kuti anapuma ntchito. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kutambasula dzanja.

Apa ndi pamene funso lija linandipeza. Ndinayesa kusolola dzanja m'nsalu ya Che Adamu. Silinasunthe. Ndi kutentha kwa m'minibasi linali litatupa pang'ono, mfundo za zala zikukana kudutsa. Kupereka lamanzere kwa munthu wamkulu ngati ameneyo? Amayi akanamva ali ku Songani komweko. Dzanja lawo linali likudikirabe m'malere. Ndiye ndinawerama, lamanzere n'kugwira chigongono mwaulemu wonse, n'kupereka dzanja lamanja monga linalili, ndi kamera yomwe.

Bambo Namalomba anayang'ana chimene ndawapatsa. Nkhope sinasinthe. Anagwira diso la kamera n'kuligwedeza kawiri.

"Uli bwanji, mnyamata?"

"Ndili bwino, kaya inu bambo?"

Ndi mantha chala changa chinadina batani, tcha-tcha-tcha, kujambula m'chikhatho mwawo. Atasiya, mphira ya kabaza, imene inali itatamuka mpaka pomaliza, inabweza kamera n'kundimenya nayo pamimba, khu! Ndinati "zikomo," osadziwa kuti ndikuthokoza ndani.

"Mwana waulemu," anatero mayi Jana. "Mpaka kamera yake ikupereka moni."

Tinayamba kujambula. Akwati awiri pamphepete pa madzi, akwati ndi operekeza, akwati ndi makolo. Zithunzi zinkatuluka bwino, ndinkaziona pa kagalasi ka kumbuyo, ndipo mtima unayamba kukhala pansi. Chovuta chinali chimodzi. Ndikakweza kamera kufika padiso, mphira inkakoka lamba, lamba n'kukoka buluku, buluku n'kukwera mpaka masokosi kuonekera. Ndikatsitsa, buluku n'kutsika. Kukweza, kukwera. Kutsitsa, kutsika.

"Wojambula," anafuula mayi Jana, "bulukulo likukwera phiri palokha?"

Operekeza akwati anaseka chobisa kukamwa. Ine ndinachita ngati ndikukonza kena kake pa kamera.

Kenako anatulutsa dengu la masamusa ndi zakumwa. Mtsikana wina anandibweretsera. Kulandira ndi dzanja limodzi, lamanzerenso? Ndinati sindikumva njala. Mimba yanga inatsutsa mokweza, onse anamva. Mayi Jana anagwira dzanja langa, n'kulitembenuza, n'kuona ulusi wa nsapato uja.

"Mayo ine! Anakusokerera? Ndani wachita zimenezi? Wina abweretse lezala tidule."

"Ayi ayi, mayi, chonde!" (Onani, liwu lija linatuluka, koma pamalo olakwika.) Lezala pafupi ndi kamera ya malume? Ndiponso Che Adamu akadzafunsa za lamba wawo ndidzati chiyani?

"Ndiye yasama."

"Mayi?"

"Yasama, ndakuuza. Sindifuna wojambula wokomoka."

Ndinayasama. Mnyamata wa Fomu 4, wovala suti, ndinadyetsedwa masamusa atatu ngati mwana wa mpheta, anthu akuonerera. Anali okoma, ndisaname.

Chinatsala chinali chithunzi chachikulu, cha anthu onse pamodzi. Malume anali atanena kuti chimenechi ndicho chimapachikidwa pabalaza, ndipo wojambula amadziwika ndi chimenechi. Anthu anaima m'mizere itatu, damu ndi mapaini zili kumbuyo, bambo Namalomba ali pakati pafupi ndi mwana wawo. Ndipo chifukwa iwo anali ataima ngati akuyembekezera nyimbo ya fuko, onse anaima chimodzimodzi. Anthu omwe aja ankaimba m'minibasi, tsopano manja m'mbali, milomo yotseka, ngati ana amene agwidwa akuba mango a kusukulu.

Mkwatibwi anandikodola. Ndinayandikira.

"Achimwene," ananong'ona, "yesetsani bambo amwetulire. Kunyumba kulibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe akuseka."

"Chabwino, achemwali."

Ndinabwerera pamalo panga, n'kunena ndi mawu anga aang'onowa, "Timwetulireko pang'ono." Bambo Namalomba anandiyang'ana. Ndinatsala pang'ono kupepesa.

A mzere wakumbuyo sankaoneka, choncho ndinakwera pamwala waukulu umene unali patsogolo pawo. Sanaonekebe bwino.

"Kweza kamerayo!" anatero mayi Jana. "Amuna anga ali kumbuyoko, ndi afupi. Akapanda kuoneka adzati ndinakunyengerera ndi masamusa."

Ndinakweza kufika pachipumi. Lamba wa pakhosi anakoka. Mphira inatamuka. Buluku linakwera kufika pamene linali lisanafikepo.

"Kwezanso!"

"Chabwino, mayi."

Ndinakweza kamera pamwamba pa mutu, manja onse awiri, ndikusuzumira pa kagalasi. Onse analowa, ngakhale amuna a mayi Jana. Ndinati, "Imodzi, ziwiri..."

Thu!

Lamba wa buluku anaduka pa bowo la msomali lija. Mphira inamusolola m'chiuno monse ngati njoka yotuluka kuuna, n'kumusiya akulendewera pansi pa kamera. Ndipo buluku la malume, lopanda chogwira tsopano, silinazengereze. Linatsika ulendo umodzi mpaka pa akakolo.

Ndiyenera kufotokoza za kabudula amene ndinavala m'kati. Amayi anandisokera ndikuchoka kumudzi, kuchokera ku chitenje chawo chotsala, chachikasu, chokhala ndi zithunzi za nkhanga zikuluzikulu. Ndi kabudula wabwino, wofunda, wofika m'mawondo. Koma sanasokedwere anthu a ukwati.

Kunali zii. Ndinamva mphepo ya kuphiri pamiyendo. Dzanja lamanzere linafuna kuthamangira pansi, ndinalimva likunyamuka. Koma ndinali pamwala, kamera ili pamwamba pa mutu, ndipo mawu a malume anabwera okha: kaya njuchi, kaya mvula, manja awiri. Za buluku sananenepo, koma ndinaona kuti lili m'gulu lomwelo. Ndinaima chomwecho, manja m'mwamba, nkhanga zikupepeluka.

"Mayo!" anakuwa mayi Jana. "Nkhanga zatuluka m'thengo!"

Phiri lonse linaphulika. Azimayi anagwirana, mkwati anapinda pakati, operekeza anakhala pansi pa udzu ndi madiresi awo. Wina analiza nthungululu. Ine maso anga anali pa kagalasi, chifukwa kwina kulikonse kunali kochititsa manyazi kuyang'anako. Ndipo pa kagalasipo ndinaona mapewa a bambo Namalomba akuyamba kugwedezeka. Analuma mlomo. Anayang'ana kumwamba. Anayesa kutsokomola. Kenako zinawakanika. Anaseka, kukamwa konse, mpaka mpata wa dzino lochoka unaonekera, dzanja limodzi litagwira chipewa, lina litagwira phewa la mwana wawo. Mkwatibwi sankayang'ananso ine, ankayang'ana bambo ake.

Chala changa chinali pa batani, Che Adamu anachisokerera pomwepo. Ndinadina osasiya.

Woperekeza mkwati ndi amene anakwera pamwala kudzandipulumutsa, misozi ili mbwe. Anandikwezera buluku, n'kumasula mphira ku kamera, n'kundimanga nayo m'chiuno, mfundo ziwiri. Ndiyenera kuvomereza kuti mwini kabaza sananame. Mphira imeneyo imagwiradi katundu.

Potsika phiri azimayi anapeka nyimbo ya nkhanga. Ine ndinakhala pakona, ndikulingalira zoti ndikanene kwa malume. Kamera inali yathunthu, inde. Koma ndinali nditavula pamaso pa makasitomala awo, buluku lawonso. Ndinkaona kuti mwina minibasi ya ku Songani ikundidikirabe.

Ndinawapeza pakhonde la situdiyo, phazi lili pampando, Che Adamu ali pambali pawo, onse awiri ataweramira foni. Ndinamva mawu a mayi Jana akutuluka m'fonimo. Wina anali atandijambula kanema, ndipo nkhani inali itatsika phiri ine ndisanatsike.

"Malume, pepani, ine..."

"Khala chete. Che Adamu, bwezeraninso pamene lamba akuduka." Anaonanso, akupukuta maso ndi kolala. "Bweretsa kamera."

"Siikuchoka, malume."

Che Adamu anatenga sizasi n'kudula ulusi wawo, akung'ung'udza kuti ntchito yabwino ikuonongeka. Dzanja langa linatuluka lili ndi mizere ngati mphasa yalidinda. Malume anayang'ana kamera mbali zonse, n'kuipukuta, n'kuyamba kuona zithunzi. Anadutsa zitatu zakuda za m'chikhatho mwa bambo Namalomba osafunsa. Atafika pa chachikulu chija anayandikitsa kamera kumaso.

"Munthu uyu anandiphunzitsa Sitandade 6," anatero. "Sindinkadziwa kuti ali ndi mano."

Kenako anandiyang'ana. "Pa foni paja ndaona chinthu chimodzi. Buluku litagwa, manja ako anali kuti?"

"Pa kamera, malume."

"Onse awiri?"

"Onse awiri."

"Basi. Munthu wotaya buluku n'kusunga kamera, ameneyo ndi wojambula. Lolemba usagwire tsache. Ndikuonetsa za kuwala."

Lachiwiri bambo Namalomba anabwera okha kudzatenga zithunzi, nkhope itabwerera mwakale. Chachikulu chija anati tichikulitse, chikhale cha pabalaza. Asanatuluke anatulutsa kaphukusi m'thumba la jekete n'kundipatsa. Munali malamba aja a pamapewa, okoleka buluku kutsogolo ndi kumbuyo, amene ankavala akuphunzitsa.

"Mnyamata, lamba wa m'chiuno yekha ndi wosadalirika. Uzivala awa pamodzi ndi wa m'chiunoyo. Wamva?"

Malume anali kumbuyo kwawo, akundipukusira mutu. Ine ndinali nditaphunzira phunziro langa bwino lomwe: kamera imafuna lamba mmodzi, ndipo malangizo a anthu atatu sungawavale tsiku limodzi. Ndinapuma mpweya wambiri, n'kukonza liwu lija pakamwa.

"Chabwino, bambo," ndinatero.

Ndiye mukadzaona wojambula wina pa ukwati kuno ku Zomba, kamera ili ndi lamba mmodzi pakhosi koma buluku lili ndi malamba atatu, musadzafunse kuti ndi ndani. Ingomwetulirani, ndijambule.